Mnzake wa mwana wanga akugona pa sofa pathu, malamulo a kuno ku Washington akuti chiyani?

Nangondo_Tacoma

Abale anga, ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene mwakhalitsa kuno ku America. Ndili ku Tacoma, Washington steti, osati DC. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku. Mwana wanga wamwamuna ali mu giredi 12 ndipo ali ndi bwenzi lake la ponda apa nane mpondepo kuyambira ali ang'onoang'ono, mnyamata wa konkuno, wa zaka 17. Dzina ndisatchule.

Mwezi watha ndikuweruka m'mamawa ndinapeza nsapato zachilendo pakhomo, ndi jumbo lakuda, lija la zinyalala, lodzaza zovala kuseri kwa sofa. Nditamupanikiza mwana wangayo anaulula kuti mnzakeyo anathamangitsidwa kwawo. Mayi ake ali ndi mwamuna wina amene samwerana naye madzi, anakangana, mwamunayo n'kumuponyera katundu panja, mayi ake osanenapo kanthu. Asanafike kwathu ankagona m'chipinda chochapiramo zovala pa ma apatimenti ena, poti makina oumitsira zovala aja amafunditsa, ndipo masiku ena kwa anzake. Mvula ya kuno mukuidziwa. Mtima unandiwawa, ndinangoti akhale. Kwathu ku Ntcheu tinakula ndi ana amene sanali a mayi anga, ndipo palibe anapita kwa amfumu kukapempha chilolezo choti adye nafe.

Mnyamatayo ndi waulemu, mbale amatsuka osauzidwa, nsima waizolowera ngakhale akuidyabe ndi foloko. Madzulo amagwira ganyu pamalo ena ogulitsira zakudya. Koma pali zinthu zikundisowetsa tulo.

Bambo akunyumba akuti tikusewera ndi moto. Mnzawo wa kuntchito anawauza kuti kusunga mwana wa eni osauza makolo ndi mlandu, ndipo ife tili ndi green card chabe, chilolezo chokhala m'dziko muno mokhazikika, unzika tisanatenge. Kodi n'zoona? Mayi akewo ndayesa kuwaimbira, foni sayankha. Uthenga amawerenga, koma zii.

Chachiwiri, mwanayu ali ndi mphumu ndipo kampope kake kopumira katha. Ndinapita naye ku kiliniki ina, pakauntala anati popanda siginecha ya kholo sangamuone. Tinabwerako chimanjamanja, iye akutsokomola njira yonse.

Chachitatu ndi sukulu. Ife tinasamuka chaka chatha, ndiye sukulu yake ili mu distrikiti ina, kutali. Akumakwera mabasi awiri, phunziro loyamba akumalipeza latha, ndipo kalata zochenjeza zikupita kwa mayi ake omwe sakuziwerengawo. Sakufuna aphunzitsi adziwe, akuti amutengera ku foster care, kumene boma limapereka ana kwa mabanja ena kuti aziwalera. Chaka chino ndiye chomaliza, ndipo akufuna kukaphunzira za magetsi ku koleji.

Komanso pa lizi yathu, pangano lija la lendi ya nyumba, analemba kuti mlendo asapitirire masiku 14. Tinapitirira kale.

Kodi boma la kuno lili ndi chithandizo chanji kwa ana otere? Ndiyambire pati osaika banja langa m'mavuto?

Mbewe_Spokane

Achemwali, zikomo pomutsegulira chitseko mwanayo. Ine ndimagwira ntchito usiku panyumba yogonamo achinyamata osowa pokhala kuno ku Spokane, ndiye nkhani zotere ndimazimva sabata iliyonse. Sindine loya, koma ndikuuzani zimene timatsata.

Alamu anga sakunama, kungoti nkhaniyo anaimva theka. Kuno kuli lamulo la mu 1995 lotchedwa Becca Bill. Linabwera mtsikana wa zaka 13, Rebecca Hedman, atathawa kwawo n'kudzaphedwa kuno ku Spokane mu 1993. Makolo ambiri anadandaula kuti alibe mphamvu pa mwana wothawa, aphungu n'kuumitsa zinthu. Gawo lokukhudzani m'buku la malamulo a steti ino, lotchedwa RCW, ndi 13.32A.082. Likuti munthu wamba akasunga mwana wosakwana zaka 18, akudziwa kuti wachoka kwawo popanda chilolezo cha makolo, anene kumene mwanayo ali pasanathe maola 8. Anene kwa kholo, kwa apolisi, kapena ku DCYF, dipatimenti yoona za ana ndi mabanja. Ife a nyumba za laisensi amatipatsa maola 72. Taonani bwino, akuti kunena kumene ali, sakuti kumubweza. Mlandu wolemera uli pa 13.32A.080, ndipo umagwira munthu amene apolisi abwera kudzafuna mwanayo iye n'kumubisa, kukana kuulula kumene ali, kapena kumuthawitsira kukhomo la kuseri.

Mnyamata mukusungayo sanathawe, anachita kuponyeredwa katundu, koma mawa mayi akewo atha kusintha nkhani. Choncho lero lomwe lembani uthenga wa pafoni womveka bwino: mwana wanu ali kwathu, adiresi ndi iyi, ali bwino, ngati mukufuna abwerere tiuzeni. Jambulani uthengawo musunge. Akapitiriza kukhala duu, imbirani DCYF muwauze chimodzimodzi ndipo mulembe tsiku ndi dzina la amene mwalankhula naye. Mantha a foster care ndimawamva kawirikawiri, koma mnyamata wa zaka 17 amene ali pakhomo pabwino, akupita kusukulu, si amene amathamangira kukamunyamula. Za green card musadalire za pagulu pano, funsani loya wa za imigireshoni kuti alamu agone tulo.

Tsopano sukulu, ndipo apa ndi pamene pali mphamvu zenizeni. Pali lamulo la boma lalikulu lotchedwa McKinney-Vento, la mu 1987, limene analikonzanso mu 2015. Distrikiti iliyonse ya sukulu m'dziko muno imakakamizidwa kukhala ndi munthu mmodzi wotchedwa homeless liaison, woyang'anira ana osowa pokhala. Anthu amaganiza kuti wosowa pokhala ndi yekhayo wogona pansi pa mlatho. Kusukulu sawerenga choncho. Mwana aliyense wopanda malo okhazikika ndi oyenera ogona usiku amalowa, ngakhale wogona pa sofa ya anthu ena chifukwa kwawo kwavuta, wokhala ku motelo kapena m'galimoto. Ndipo ngati sali m'manja mwa kholo kapena womulera mwalamulo, amalembedwa kuti unaccompanied youth. Mnyamata wanuyo ndi ameneyo ndendende, ngakhale akudya nsima yotentha tsiku lililonse.

Akalembedwa choncho, ali ndi ufulu wokhalabe pasukulu yake yakaleyo, ndipo mayendedwe ndi udindo wa madistrikiti, yanu ndi yakeyo agwirizane kapena agawane mtengo. Akafuna kusamukira pasukulu ya pafupi nanu, ayenera kumulandira nthawi yomweyo ngakhale alibe chikalata cha kubadwa, cha katemera, kapena kholo losaina. Chakudya cha kusukulu ndi chaulere osadzaza fomu ya ndalama za makolo. Akakana china chilichonse ayenera kulemba chifukwa chake papepala, mwanayo akupitirizabe kuphunzira mpaka nkhani itatha. Steti yathu inawonjezerapo mu 2017 kuti ana otere azipatsidwa makirediti, mapointi aja owerengera kuti wamaliza sukulu, a gawo limene amaliza ngakhale temu yasokonekera, ndi kuti distrikiti izichotsa zofunika zake zapadera ngati zikutchinga mwana kumaliza sukulu. Za phunziro loyamba lija muzitchule poyambirira.

Za kiliniki, a pakauntalawo mwina sakudziwa kuti zinthu zinasintha. Pa RCW 7.70.065, nesi wa pasukulu, kansala kapena liaison atha kusainira mwana wotere chithandizo wamba cha kuchipatala. Ndipo kuyambira mu 2022 mwanayo atha kudzisainira yekha pa matenda osafuna kugonekedwa, monga mphumu, maso, kupimitsa mano ndi katemera. Kalata ya liaison ikakhala m'manja, pakauntala sipavuta. Koma akabanika usiku musadikire za mapepala, ku emergency sabweza mwana.

Za lizi ndi zimene ndilibe nazo yankho lokoma. Eni nyumba ali ndi mphamvu pa zimene munasaina. Ena amavomera mukawafotokozera, ena ayi. Funsani liaison ngati m'dera lanu muli pulogalamu ya host home, imene imalumikiza achinyamata ndi mabanja owasunga. Steti inailola mu 2016, koma kwa wosakwana zaka 18 pamafunika chilolezo cha kholo cholembedwa. Mayi akakaniratu zonse, pali njira ya ku khoti la ana yotchedwa CHINS, imene mwanayo payekha atha kupempha kuti woweruza avomereze kuti azikhala kwina. Ilipo, koma kwa munthu amene watsala miyezi yochepa kukwanitsa 18 ndimaona ngati kutaya nthawi.

Pa nkhaniyi Washington ili patsogolo pa masteti ambiri. Mu 2015 anakhazikitsa ofesi yakeyake, Office of Homeless Youth, pansi pa Department of Commerce. Mu 2018 analamula kuti mwana wotuluka ku foster care, kundende ya ana kapena kuchipatala cha matenda a maganizo asamangotulutsidwira mumsewu. Papepala zili bwino. Ine amene ndimatsegula chitseko 2 koloko usiku ndikuuzani kuti mabedi ndi ochepabe, ndipo wina akakwanitsa 18 timayenera kumusamutsa ngakhale tikudziwa kuti kumene akupitako kuli mzere.

NaBanda_Houston

Nangondo mnzanga, aMbewe anena zambiri, ine ndingotsindika chimodzi kwa ena amene akuwerenga: zimenezo ndi za Washington. Musazinyamule n'kupita nazo steti ina. Kuno ku Texas kusunga mwana wothawa kwawo ndi mlandu pa Penal Code 25.06, chilango chake mpaka chaka m'ndende kapena faini ya $4,000. Chimene chimakupulumutsa n'choti unauza apolisi kapena makolo pasanathe maola 24, kapena ndiwe wachibale wapafupi kwambiri. Uku maola 8, uku 24, dziko limodzi. Ngakhale zaka zoti munthu wakula sizifanana, ku Alabama ndi ku Nebraska ndi 19, ku Mississippi 21. McKinney-Vento yekha ndiye ali ponseponse.

Ine ndine nesi, ndipo ndikuuzani poyera kuti ambiri a ife pakauntala malamulo amenewa sitiwadziwa. Kompyuta ikati siginecha ya kholo, munthu amangoti siginecha ya kholo. Sindikizani gawo la lamulolo papepala, mupite nalo pamodzi ndi kalata ya kusukulu, ndipo mupemphe kulankhula ndi social worker wa pakilinikipo, osakangana ndi mtsikana wa pawindo.

Chimene aliyense amaiwala ndi zikalata. Chikalata cha kubadwa, kadi ya Social Security, ID. Mwana wothamangitsidwa amatuluka ndi zovala, mapepala amatsala mu drowa ya mayi ake, ndiye mawa akafuna ntchito yabwino kapena nyumba amapezeka kuti sangatenge ID popanda chikalata cha kubadwa, chikalatanso sangatenge popanda ID. Texas ndi youma pa zambiri, koma mu 2019 inakhazikitsa lamulo loti achinyamata osowa pokhala ndi a foster care azitenga chikalata cha kubadwa ndi ID kwaulere. California inakhazikitsa lamulo lofanana mu 2014. Funsani kuti kwanuko zili bwanji, koma njira yachidule ndi kuwapempha mayiwo angopereka mapepalawo, ngakhale asalankhule nanu.

Komanso, ndinene ngati mayi mnzanu, ikani malamulo a pakhomo mudakali pachiyambi. Nthawi yofikira kunyumba, alendo, ndalama za ganyu asunge zingati. Inu mumagwira usiku, anyamata awiri a msinkhu umenewo ali okha m'nyumba. Chifundo chisakutsekeni maso.

Chisale_SilverSpring

Mayi Nangondo, ine ndine wachikulire pagulu pano, ndiloleni ndilankhule zosiyana pang'ono. Ndawerenga zonse zimene ana athu alembazi, manambala a malamulo ndi maofesi, koma palibe wanena zoti wina apite akagogode pakhomo pa mayi a mwanayo. Foni sayankha, inde. Nanga munthu amene mwana wake wathamangitsidwa iye akuyang'ana, angayankhe foni ya mayi wachilendo ndi nkhope yanji? Mwina ndi manyazi. Mwina nayenso akuopa mwamunayo, ndipo amene akufunika chithandizo m'nyumbamo si mwana yekha. Nkhani mwaimva mbali imodzi, kuchokera kwa anyamata awiri ogwirizana.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, tinaphunzitsidwa choncho ndipo mwachita bwino. Koma kwathu ukasunga mwana wa mnzako umakhala ukufunafuna njira yomubwezera kwa eni ake. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi malamulo a kuno n'choti chaka ndi chaka akuchotsa kholo pa chilichonse. Kuno ku Maryland mu 2020 analola kuti mwana wosakwana 18 azidzilembetsa yekha kunyumba zogonamo osowa pokhala. Kuchipatala adzisainire, kusukulu adzilembetse. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma ndaonapo m'mabanja athu omwe a Chimalawi mwana wa zaka 16 akuopseza makolo kuti mukandiletsa kutuluka usiku ndichoka, boma lindisamala. Kholo limene lamulanda foni mwana ndi kholo limene lamutayira zovala panja si amodzi, koma mwana wokwiya amawafotokoza mofanana.

Sindikuti mumubweze kumene angakamenyedwe. Ndikuti tengani mayi mnzanu wa kutchalitchi, masana, mwamunayo ali kuntchito, mukawaone mayiwo. Musapite ndi milandu. Mukangoti mwana wanu ali bwino, akudya, akupita kusukulu. Inu mudzamusunga miyezi ingapo, koma mayi ake ndi omwewo mpaka kalekale.

Pa za koleji, steti yathu ino kuyambira mu 2014 imachotsera fizi achinyamata otere m'makoleji a boma. Zimenezo ndiye ndimaziyamikira popanda mawu ena.

Tadala_StLouis

Anti Nangondo, ine ndimagwira mu ofesi ya financial aid pa koleji ina kuno ku Missouri, ndiye ndilankhule za mbali yanga, chifukwa ndi imene ili ndi nthawi yothera.

Wophunzira aliyense wofuna thandizo la ndalama za koleji kuchokera ku boma lalikulu amadzaza fomu ya FAFSA, ndipo wosakwana zaka 24 amafunsidwa za ndalama za makolo, makolowo n'kulowa nawo pafomupo. Mayi amene sakuyankha foni sadzadzaza fomu. Ana ambiri amathera pamenepo, amangotseka kompyuta n'kuiwala za sukulu. Koma amene watsimikiziridwa kuti ndi unaccompanied homeless youth amatengedwa ngati woima payekha, za makolo safunsidwa, ndipo ndi ndalama za ganyu zokhazo nthawi zambiri amalandira thandizo lonse la boma lotchedwa Pell Grant, limene mu 2024 linali $7,395 pachaka, losabweza. Amene amalemba chitsimikizocho mosavuta ndi liaison wa kusukulu uja. N'chifukwa chake ndikuti apite akadali pasukulu. Akamaliza giredi 12 osalembedwa paliponse, zimathekabe, koma amayenera kudzakhala pamaso pa munthu ngati ine n'kufotokoza mbiri yonse kuyambira pachiyambi, ndipo anyamata ambiri amasankha kusiya kusiyana n'kufotokoza. Kwanuko kulinso Washington College Grant, thandizo la steti la ndalama za koleji, ndi pulogalamu ya Passport to Careers imene mu 2018 anaitsegulira achinyamata osowa pokhala, ndipo imathandizanso ophunzira ntchito zamanja, ndiye za magetsizo zikulowa. Kwa ena amene mukusunga mwana wopanda mapepala a dziko lino: pulayimale ndi sekondale ndi ufulu wake kuchokera pa chigamulo cha khoti lalikulu la dziko lino, Supreme Court, pa mlandu wa Plyler v. Doe mu 1982, FAFSA sangadzaze, koma Washington ili ndi fomu yakeyake yotchedwa WASFA.

Ankolo Chisale, mwaulemu wonse, zopita kukawaona mayiwo ndikugwirizana nazo, koma zoti malamulo akuchotsa kholo sindikuvomereza. Lamulo la boma lalikulu la mu 1974 lokhudza ana othawa kwawo limapereka ndalama ku nyumba zosunga ana mpaka masiku 21, ndipo ntchito yoyamba ya masiku amenewo ndi kuyesa kuyanjanitsa mwana ndi banja lake. Malamulo odzisainirawa amabwera pamene kholo lachoka kale lokha. Lathu la Missouri, 431.056, limalola wa zaka 16 kapena 17 wosowa pokhala, wodzidalira, kusaina lizi, kutsegula akaunti ku banki, kulandira chithandizo kuchipatala ndi kulembetsa sukulu, pokhapokha kholo litavomera. Ndiye linawonjezera kuti kholo limene latsekera mwana kunja kapena lakana kumusamala lavomera kale ndi zochita zakezo. Oregon nayo imalola wa zaka 16 ndi 17 kuchita lendi nyumba payekha. Popanda malamulo amenewa mwana amakhala pakati, wamkulu moti palibe akumusamala, wamng'ono moti sangasaine kalikonse, ndipo amene amamupeza pamenepo ndi anthu oipa omwe safunsa siginecha.

Ndipo si ana ochepa. Kafukufuku wa Chapin Hall ku University of Chicago mu 2017 anapeza kuti pachaka mwana mmodzi mwa 30 a zaka 13 mpaka 17, ndi mmodzi mwa 10 a zaka 18 mpaka 25, amasowa pokhala mwanjira ina, onse pamodzi pafupifupi 4.2 miliyoni. Chimene chinaonekera kwambiri n'choti wopanda satifiketi ya sekondale ndiye ali pachiopsezo chachikulu kuposa onse. Sukulu za boma zinalemba ana osowa pokhala oposa 1.3 miliyoni m'chaka cha 2022 mpaka 2023. Koma kalembera wa HUD, ofesi ya boma lalikulu yoona za nyumba, amene amachitika usiku umodzi mu January, sawerenga ogona pa sofa za anthu, amangowerenga a mumsewu ndi a m'nyumba zogonamo. Mnyamata wa Antiyo kusukulu ndi wosowa pokhala, ku ofesi ya nyumba si wosowa pokhala, choncho musadabwe mukadzamva kuti pa mapulogalamu ena a nyumba sakukwanira. Zimandikwiyitsa chifukwa zili ngati akumuuza kuti kagone kaye panja ndiye tikuthandize. Ndipo kugona panjako, kuchokera pa chigamulo cha Supreme Court pa mlandu wa mzinda wa Grants Pass ku Oregon mu June 2024, mizinda ili ndi ufulu wolipiritsa kapena kumanga munthu chifukwa chogona pamalo a boma ngakhale kulibe bedi loti apiteko.

Akafuna kulankhula ndi munthu amene si inu kapena mphunzitsi, National Runaway Safeline imayankha usana ndi usiku pa 1-800-RUNAWAY, ndipo amathanso kuperekera uthenga pakati pa mwana ndi kholo.

Chisale_SilverSpring

Tadala mwanawe, walankhula bwino ndipo za Missouri zo sindimazidziwa kuti anazilemba choncho. Koma ukadzakhala ndi wako wa zaka 16 tidzakambirananso. Mayi Nangondo, pitanibe mukawaone mayiwo.

Nangondo_Tacoma

Zikomo nonse, ndabwera kudzakuuzani pamene tafika.

Uthenga uja ndinalemba monga ananenera aMbewe, ndi adiresi yomwe, n'kuujambula. Bambo akunyumba atauona mtima unakhalako pansi, ngakhale akuti kwa loya tipitabe.

Chovuta chinali kumunyengerera mnyamatayo kuti tipite kusukulu. Mawu akuti homeless sakufuna n'kuwamva komwe, akuti iye si wa pa trafiki laiti wonyamula katoni. Amene anamugonjetsa ndi mwana wanga, pomuwerengera zimene analemba Tadala za ndalama za koleji. Liaison wake ndi mayi wina wachikulire, kaofesi kake kali kuseri kwa laibulale, m'kati muli mashelefu a majekete, sopo, madiodoranti ndi zikwama. Sanamufunse zambiri. Anafunsa kumene wagona usiku wathawu, ngati ali ndi kiyi wa kwawo, ndi ngati angabwerereko atafuna. Pa funso la kiyi mwanayo anangoyang'ana pansi. Mayiwo anadzaza fomu ya tsamba limodzi, n'kumuuza kuti nkhaniyi siilembedwa pamene ana anzake kapena anthu akunja angaione. Anamuuzanso mosabisa kuti akamva zoti anamenyedwa, iwo lamulo limawakakamiza kukanena.

Za basi ndinaphunzirapo kuti kuno ana a zaka 18 kutsika akukwera mabasi a mumzinda kwaulere kuyambira mu 2022, ndiye vuto silinali ndalama koma nthawi. Akonza kagalimoto kodzamutenga m'mawa, kayamba sabata yamawa. Kansala akuonanso za makirediti a phunziro loyamba lija. Kukiliniki tinabwerera ndi kalata, ndinapempha social worker monga munanenera aNaBanda, ndipo kampope katsopano ali nako.

Bambo Chisale, ndinapita, ndi mayi wina wa kumpingo kwathu. Sanatilowetse m'nyumba, tinalankhulira pakhonde, chitseko atachigwira ndi dzanja. Ndi mayi wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ali ndi khanda. Anafunsa ngati mwanayo akumwa mankhwala ake. Zobwerera sanatchule, ifenso sitinatchule. Analowa n'kutuluka ndi envelopu ya chikalata cha kubadwa ndi kadi ya Social Security, ndipo anasaina kapepala koti akudziwa kuti ali kwathu ndipo avomera. Mayi mnzangayo anawasiyira nambala ya bungwe lothandiza amayi ozunzidwa m'banja, analandira osanena kanthu.

Chatsala ndi lizi. Mnyamatayu akwanitsa 18 mu April, ndipo a ofesi ya ma apatimenti athu akuti akakwanitsa ayenera kulembedwa pa lizi ngati wamkulu, alipire ndalama ya fomu, amufufuzenso za ngongole, iye alibe mbiri iliyonse ya ngongole. Kufikira April akuti tilembe kalata yopempha kuti akhale ngati mlendo wa nthawi yaitali, ayankha pakatha sabata. Alipo pagulu pano amene analembapo kalata yotere kwa eni nyumba? Ndiikemo zoti ali pa McKinney-Vento, kapena zimenezo zingowaopsa?